Banja ndi Nyengo ya Anamondwe

Namondwe ndi chimphepo chozungulira chimene chimabadwira pa nyanja zikuluzikulu za mchere za m'madera otentha, ndipo chimayenda ndi mitambo yochindikala yonyamula mvula yoti ikhoza kugwa masiku angapo osakata. Kuti namondwe ayambike pamafunika kuti madzi a pamwamba pa nyanja afunde kufika madigiri 26 kapena 27, pakuti nthunzi yochokera m'madzi ofundawo ndiyo imamupatsa mphamvu: ikakwera m'mwamba imazizira n'kusanduka madontho, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha kumene kumapepukitsa mpweya ndi kuukweza, kotero kuti mpweya wina umathamangira pamalopo kuchokera mbali zonse, kwinaku kuzungulira kwa dziko lapansi kukuukhotetsa kuti uziyenda mozungulira. Pakati penipeni pamatsala malo abata amene amatchedwa diso, ndipo mphepo yoopsa kwambiri imakhala m'mphepete mwa disolo. Akatswiri a zanyengo amaupatsa dzina mkuntho ukafika liwiro la makilomita 63 pa ola, ndipo amauwerenga kuti ndi namondwe wokhwima ukafika makilomita 118 pa ola. Ku America chimphepo chotere amachitcha hurricane, ndipo nyengo yake pa nyanja ya Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala; ku Japan ndi ku Philippines amachitcha typhoon. Kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, kumene kumachokera anamondwe ofika ku Madagascar, Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe, nyengoyi imawerengedwa kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 30 Epulo, ndipo imafika pachimake pakati pa Januwale ndi Malichi.

Malawi sanachite malire ndi nyanja ya mchere, ndipo mfundo imeneyi ndiyo iyenera kutsogolera kukonzekera konse kwa banja la m'dziko muno. Namondwe akangotera pamtunda amalekana ndi madzi ofunda amene ankamudyetsa, choncho mphepo yake imayamba kufooka akamadutsa zigawo za Zambezia, Nampula kapena Sofala ku Mozambique; koma mvula imene wanyamula siichepa mwamsanga chomwecho, ndipo mpweya wonyowawo ukagunda mapiri a Mulanje, Michesi, Thyolo, Chiradzulu, Zomba, Soche ndi Ndirande umakakamizika kukwera, n'kukhuthula madzi ake pa mapiri omwewo. Chimene chimapha anthu ambiri kuno ndi madzi ndi matope. Malangizo ochokera ku mayiko a m'mphepete mwa nyanja, onena za kukhomera matabwa pa mawindo ndi kudzitsekera m'nyumba yolimba, ali ndi malo ake, koma banja la m'munsi mwa phiri kapena m'chigwa cha Shire likawatsatira mwachimbulimbuli likhoza kudzitsekera pamalo pomwe madzi akudzera.

Zaka za posachedwapa zaonetsa zimenezi mobwerezabwereza. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anawononga mzinda wa Beira, anagumula mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe, ndipo mvula ya mkuntho womwewo inali itasefukiza kale mitsinje ya chigawo cha kum'mwera kwa Malawi. M'mayiko atatuwa munafa anthu oposa 1,000. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana, amene mphepo yake sinali yamphamvu kwenikweni, anawononga damu la pa Kapichira pa mtsinje wa Shire n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 pa magetsi a dziko lonse kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Gombe anatsatira mu Malichi chaka chomwecho. Kenako kunabwera Freddy, amene anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anatera ku Madagascar pa 21 Febuluwale, ku Mozambique pa 24 Febuluwale, n'kubwereranso pa nyanja kukatenga mphamvu zina asanaterenso kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la WMO linatsimikiza kuti Freddy anatha masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. M'masiku otsatira, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unakokoloka, ndipo ku Mulanje ndi Phalombe mitsinje inatsegula njira zatsopano pakati pa midzi. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Chido mu Disembala 2024 ndi Jude mu Malichi 2025 anafikanso m'dziko muno. Ngozi yotereyi si yachilendo m'mapiri a kum'mwera: makolo ankaitcha napolo, ponena kuti chinjoka chokhala m'phiri chikusamuka, ndipo napolo anagwa ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, kumene kunafa anthu mazanamazana.

Mosiyana ndi chivomezi, namondwe safika modzidzimutsa. Ofesi ya bungwe la Météo-France pa chilumba cha La Réunion imatsatira mkuntho uliwonse wa m'dera lino pogwiritsa ntchito zithunzi za masetilaiti, ndipo nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo imatenga uthengawo, kuuphatikiza ndi zimene yayeza yokha, n'kutulutsa chenjezo masiku angapo namondwe asanafike. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, makhonsolo, bungwe la Red Cross ndi makomiti a m'midzi amafalitsa chenjezolo kudzera pa wailesi, pa mafoni ndi pa zimkuzamawu. Komabe chenjezo lonena kuti m'chigawo cha kum'mwera mugwa mvula yamphamvu silingauze mayi wa ana anayi njira yoti adzere pakati pa usiku magetsi atazima, kapena amene abereke agogo osayenda. Gawo limenelo la ntchito lili m'manja mwa banja lenilenilo, ndipo nthawi yabwino yoligwira ndi Okutobala ndi Novembala, nthaka ikadali youma ndiponso mitima ili m'malo.

Poyambira pake ndi kudziwa bwino malo amene nyumba yamangidwa. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo mwambiwu ukunena zoona zenizeni za mmene nthaka imakhalira: khwawa louma limene lakhala zaka 30 osadutsa madzi, anthu n'kulidzaza ndi zinyalala kapena kumangamo nyumba za lendi, likadali njira ya madzi. Miyala ikuluikulu yobulungira yomwazikana m'munsi mwa phiri ndi umboni wakuti kale panadutsa napolo amene anaigubuduzira pamenepo. Nthaka ya pamalo otsetsereka imagwirana chifukwa cha mizu ya mitengo ndi kukhuzana kwa timiyala take, koma ikamwa madzi masiku atatu kapena anayi motsatizana imalemera, madziwo n'kulowa pakati pa dothi ndi thanthwe la pansi, mpaka dothi lonse limatsetsereka nthawi imodzi, litanyamula mitengo ndi miyala, pa liwiro loposa la munthu wothamanga. Kudula mitengo ya m'phiri, kukumba miyala ndi kusema phiri kuti papezeke malo athyathyathya omangapo nyumba kumafulumizitsa zimenezi. Nthawi zina phiri limachenjeza lisanagumuke: pansi pamang'ambika ming'alu yatsopano, mitengo ndi mapolo a magetsi zimapendekeka, zitseko zimayamba kuvuta kutseka, akasupe amatumphuka pamene sipanakhalepo kasupe, ndipo kamtsinje kamasanduka matope mwadzidzidzi kapena kuphwa mvula ikugwabe, chimene chimasonyeza kuti kumtunda kwatsekeka ndipo madzi akuunjikana. Mkokomo wonga wa galimoto lalikulu wochokera kuphiri ndi chenjezo lomaliza, ndipo pamenepo wothawa ayenera kuthamangira cham'mbali, kutuluka m'njira ya matopewo, pakuti wothawira kumunsi matope amamupeza.

M'chigwa cha Shire vuto limabwera mwa mtundu wina. Ku Nsanje ndi Chikwawa madzi akhoza kufika kunja kuli nyenyezi, chifukwa amachokera ku mvula imene yagwa kutali, m'mapiri a Mulanje ndi Thyolo kapena kumtunda kwa mtsinje wa Mwanza. Ruo akadzaza n'kukumana ndi Shire pa Chiromo, madzi amabwerera m'mbuyo n'kumwazikira m'midzi, ndipo dera la Makhanga lakhala likusanduka chilumba kangapo konse. Banja la kumeneko liyenera kudalira uthenga wa kumtunda ndi zizindikiro zoyezera madzi za m'mitsinje kuposa mitambo ya pamwamba pa mudzi wawo.

Banja likadziwa chiopsezo cha malo ake, nkhani yaikulu kuposa zonse ndi kugwirizana za nthawi yochoka ndi kopita. Anthu amene amazengereza kuchoka sachita zimenezi chifukwa cha umbuli, ndipo kuwanena choncho n'kuwalakwira. Amaopa akuba amene amalowa m'nyumba zosiyidwa, amadera nkhawa mbuzi ndi matumba a chimanga, amakumbukira kuthithikana kwa m'misasa ya m'masukulu kumene mabanja ambiri amagona m'kalasi imodzi ndi kulimbirana zimbudzi zochepa, ndiponso ena anachokapo chaka china namondwe n'kukhotera kwina. Zifukwa zonsezi n'zomveka, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi siyenera kusiyidwa kuti ikambidwe madzi ali pakhomo, pamene bambo akuti tidikire kuche, mayi akuti tizipita, ana akulira. Banja lokonzeka limasankhiratu chizindikiro chimodzi chosafuna mtsutso, monga chenjezo la boma lotchula boma lawo, kapena madzi kufika pa mtengo wakutiwakuti wa m'mbali mwa mtsinje, n'kupangana kuti chizindikirocho chikaoneka onse anyamuka masana, kusanade. Limalankhuliratu ndi achibale kapena anzawo a ku mpingo okhala pamalo okwera ndi otetezeka kuti adzawasunge masiku angapo, limayenda njira yopitira kumeneko ndi ana omwe kuti aidziwe, ndipo limafunafuna njira yachiwiri yosadutsa pa mlatho kapena pakhwawa. Katundu wa mtengo wapatali akasamutsidwiratu kwa achibalewo sabata imene chenjezo latuluka, mantha a akuba amachepa, ndipo sipakhalanso chifukwa chosiya munthu m'modzi kuti alondere nyumba.

Pa mgwirizano womwewo payenera kutchulidwa maina: amene adzatenge ana kusukulu, amene adzathandize agogo, wachibale wolumala kapena wosamva amene sangamve wezulo ndi ng'oma ya komiti ya m'mudzi, ndi amene adzagogode kwa mnansi wokhala yekha. Mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira ndi bwino apite kukadikirira kuchipatala mvula isanadule misewu. Ana okulirapo aloweze pamtima nambala ya foni ya wachibale wokhala boma lina, amene onse angamuimbire akabalalikana.

Kulimbitsa nyumba kumabwera pambuyo pa zimenezi, ngakhale kuti kumapulumutsa chuma chambiri. Nyumba zochuluka za m'midzi ndi m'makomboni n'zomangidwa ndi zidina, kapena njerwa zowotcha zolumikizidwa ndi dothi, ndipo nyumba zotere zimagwa chifukwa chipupa chanyowa kuchokera pansi kapena chamenyedwa ndi mvula ya mphepo mpaka kufewa. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa denga la masikweya mita 50 imapereka malita 5,000, omwe ndi zigubu 250 za malita 20, ndipo madzi onsewo amagwera m'mphepete mwa maziko ngati palibe powatsogolera. Khonde lokwera ndi lotsetsereka kunja, denga lotulukira kunja mokwanira kuti liphimbe chipupa, pulasitala wa simenti ngakhale m'munsi mokha mwa khoma, ndi ngalande yokumbidwa kumtunda kwa nyumba yopatutsira madzi kumbali, ndi zinthu zotsika mtengo poyerekeza ndi kumanganso. M'tauni ngalande za m'misewu zimatsekeka ndi majumbo ndi mabotolo, ndipo kuzitsegula ndi ntchito imene anthu oyandikana ayenera kuchitira limodzi, pakuti ngalande ya nyumba imodzi imathera pakhomo pa ina. Kunena za denga, mphamvu ya mphepo imakula mofulumira kuposa liwiro lake, moti liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yokankha imawirikiza kanayi, ndipo mphepo yodutsa pamwamba pa nyumba imayamwa malata kuwakokera m'mwamba, kuyambira m'makona ndi m'mphepete. Misomali yoguluka iyenera kukhomedwanso, matabwa odyedwa ndi chiswe asinthidwe, ndipo matabwa a denga amangiriridwe ku khoma ndi waya wolimba wolowa mizere ingapo ya njerwa. Chizolowezi chosanjika miyala ndi njerwa pamwamba pa malata n'choopsa, chifukwa denga likasasuka miyalayo imagwera anthu. Nthambi za mitengo zoyedzamira nyumba zisadzidwe mvula isanayambe.

Katundu wonyamula pothawa ayenera kukhala wochepa moti munthu m'modzi akhoza kumunyamula mwana ali kumsana. Zitupa za unzika, mabuku a kuchipatala, makadi a kusikelo, masatifiketi a sukulu ndi mapepala a malo zikulungidwe m'majumbo awiri n'kuikidwa m'kandowa kokhala ndi chivindikiro chothina, ndipo kuzijambula pa foni n'kutumiza zithunzizo kwa wachibale wakutali kumathandiza zikatayika. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a chifuwa chachikulu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, asalole kuti atsale ndi a masiku ochepa m'miyezi imeneyi, popeza milatho ikaduka chipatala chimatalika. Tochi, mabatire, machesi okulungidwa bwino, masikito, zofunda, sopo, nsalu kapena mapadi a amayi ndi atsikana, ndi kawailesi ka mabatire kapena ka sola zimakwanira m'chikwama chimodzi. Kawailesi n'kofunika kwambiri chifukwa magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ponse pa mtsinje wa Shire, ndipo madzi osefukira akabweretsa zinyalala ndi mchenga makina amazimitsidwa; magetsi akazima nthawi yaitali, netiweki ya mafoni imavutanso. Pa chifukwa chomwecho ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba sizingadaliridwe zokha, ndipo kandalama kapamanja, kaya kochokera ku banki mkhonde, kayenera kusungidwa padera.

Anamondwe amafika m'miyezi imene nkhokwe zambiri zili pafupi kutha, chimanga chatsopano chisanakhwime, choncho kulangiza banja losauka kuti lisunge chakudya cha mwezi wathunthu n'kulankhula zosatheka. Chotheka ndi kupatula pang'onopang'ono ufa, nyemba, mfutso, usipa wouma, mchere ndi mtedza wokazinga zokwana masiku atatu kapena asanu, kukweza matumba pa thandala kapena pa nsanja kuti asakhudze pansi, ndi kusunga nkhuni kapena makala pouma, pakuti ufa ulibe ntchito ngati moto sukuyaka. Mbewu za m'dimba, monga chimanga chocha msanga ndi nyemba, zisungidwe m'botolo lotseka bwino, chifukwa munda ukakokoloka mu Malichi chinyontho chotsalira ndicho chimadyetsa banja chaka chimenecho. Ziweto zisasiyidwe zomangirira kapena zotsekeredwa m'khola la pansi. Zisamutsidwire kumtunda msanga, ndipo zikalephereka zimasulidwe.

Madzi akumwa ndiwo amasowa kwambiri pamene dziko lonse ladzaza madzi. Zimbudzi zokumba zimagumuka kapena kusefukira, zonyansa n'kulowa m'zitsime ndi m'mijigo, ndipo mapaipi a m'tauni amaduka. Freddy anapeza dziko lino lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, waukulu kuposa ina yonse imene inalembedwapo m'Malawi. Zigubu zonse za m'nyumba zidzazidwe chenjezo likangotuluka, poganizira kuti munthu m'modzi amafuna malita atatu akumwa pa tsiku ndi pafupifupi malita 15 akaphatikiza kuphika ndi ukhondo. Madzi ena alionse awiritsidwe mpaka kubwata kapena athiridwe kolorini, kaya WaterGuard wogula kapena wolandira kwa alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Wotsekula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS nthawi yomweyo ali pa ulendo wa kuchipatala, ndipo ngati mapaketi palibe, lita imodzi ya madzi otetezedwa yosungunuliramo masipuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere imagwira ntchitoyo.

Imfa zambiri zimachitikanso mvula itayamba kuchepa, anthu akamayesa kuwoloka mitsinje kapena kubwerera kukaona nyumba. Madzi othamanga ofika masentimita 15 okha, kungopitirira pa kakolo, akhoza kugwetsa munthu wamkulu, ndipo ofika masentimita 60 amakokolola galimoto. Pansi pa madzi akuda sipaoneka ngati msewu kapena mlatho ulipobe. Mawaya a magetsi ogwa ayenera kuyesedwa amoyo nthawi zonse. Phiri limene lagumuka kamodzi limakhala losakhazikika kwa masiku ambiri, chipupa chonyowa chikhoza kugwa dzuwa litawala kale, ndipo Freddy anaonetsa kuti namondwe wodutsa akhoza kubwereranso. Zithaphwi zotsalira zimaswa udzudzu, moti malungo amachuluka patapita masabata angapo.

Pali malo ena amene kukonzekera kwa mtundu uliwonse sikungawasandutse otetezeka, ndipo kwa mabanja okhala m'makwawa a Soche kapena m'zilumba za m'chigwa cha Shire yankho lenileni ndi kusamuka. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loyendetsera ntchito za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa la 1991, koma lamulo palokha silipereka malo, madzi, sukulu ndi msika, ndipo banja limene lapatsidwa malo ouma kutali ndi ganyu wa m'tauni kapena ndi dimba lake limabwerera pakapita miyezi yochepa. Mabanja ena a ku Nsanje ndi Chikwawa anapeza njira yapakati: amamanga nyumba yeniyeni kumtunda, kumene kumakhala ana, okalamba ndi nkhokwe, ndipo kudimba amangosiyako kachisakasa kogonamo pa nthawi yolima madzi akaphwa. Njira imeneyi imafuna kuti mafumu a kumtunda apereke malo okhala popanda kulanda anthuwo minda yawo ya kumunsi, ndipo kumene mafumu a mbali ziwirizi agwirizana, kusamuka kumakhalitsa.